Kasitadi wa a Raelene

Ndivomere ndekha anthu ena asanakuuzeni mowonjezera: a Raelene Tuckwell ndinkawachitira nsanje, ndipo sinali nsanje yamasewera. Zaka zinayi zathunthu tinakhala moyang'anana patebulo limodzi mu labotale yathu ku Melbourne, ine Josephine Buttigieg ndi madigiri anga awiri, iwo ndi epuloni yawo yamaluwa mkati mwa chovala choyera. Tsiku lililonse ndinkawapatsa moni ndikumwetulira, koma kumwetulirako kunali kwa pakamwa pokha.

Ntchito yathu inali yopanga mankhwala oti akabaya munthu, chithunzi cha m'thupi mwake chizioneka bwino m'chimakina chojambulira cha maginito, kuti chotupa chisabisale chikadali chaching'ono. Tinkatenga mafuta ena amene ukawasakaniza ndi madzi sakhala amadzimadzi komanso salimba, m'mabuku amati kulusitalo wamadzi. M'menemo tinkathiramo tizidutswa tachitsulo tochepetsetsa tomwe maso sangatione, ndipo timeneti ndi timene chimakinacho chimatsatira. A Raelene zonsezi ankangoti kasitadi. Dzinalo linakhazikika, moti ngakhale a Fergus Halloran, pulofesa wathu, akalowa ankafunsa kuti kasitadi wa sabata ino ali bwanji.

Kasitadi wabwino amaoneka ngati tiyi wamkaka, mtundu umodzi kuyambira pansi pa kabotolo mpaka pamwamba. Woipa umamudziwa pakapita masiku atatu kapena anayi. Kamzere kakuda kamatulukira mbali imodzi ya kabotolo, kusonyeza kuti tizitsulo taunjikana, ndipo zikatero n'zotaya, sungabaye nazo ngakhale khoswe. Wanga ankatuluka kamzereko. Wa aliyense amene anayesapo ankatuluka kamzereko. Wa a Raelene ankatha mwezi ali bwinobwino.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mayiwa sanabwere kudzapanga kasitadi ayi. Anabadwira pafamu ya ng'ombe zamkaka ku Gippsland, sukulu anaisiya ali ndi zaka khumi ndi zisanu, n'kukalowa ntchito kufakitale ya ayisikilimu komwe anakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amuna awo, a Lindsay, ankayendetsa magalimoto a katundu ndipo anamwalira chaka chomwe fakitaleyo inatsekedwa. Ana analibe. Anagulitsa nyumba, n'kubwera ku Frankston ndi galu wawo, ndipo kwathu anawalemba ntchito yotsuka mabotolo. Ndinkawakonda nthawi imeneyo. Munthu wotsuka mabotolo ako, wokubweretsera keke Lachisanu, savuta kumukonda.

Ndiye chaka china chimfine chinandigoneka sabata yathunthu. A Fergus, posafuna kuti ntchito iime, anatenga pepala langa lomwe ndinalembapo kapangidwe konse n'kuwapatsa a Raelene kuti angotsatira. Nditabwerera ndinapeza anthu ataunjikana patebulo langa, akukweza timabotolo m'mwamba kuti ationere pawindo.

"Josie, bwera udzaone!" anatero a Fergus. "Masiku asanu ndi awiri, kamzere kulibe. Rae, mwachita chiyani?"

"Ndangotsatira pepala la mwanayu," anayankha a Raelene akupukuta manja. "Amalemba bwino, zomveka."

Anandiyamikira pagulu, koma ine ndinamva ngati andiponda chala. Pepala langa, mankhwala anga, tebulo langa, ndipo zinawayendera iwo. Kuyambira tsiku limenelo mabotolo tinayamba kutsuka tokha.

Mayiwa anali ndi timakhalidwe tawo tomwe ndinkationa ngati ta ukalamba. Baji ya dzina tonse tinkaimata pachifuwa, chifukwa kumbuyo kwake kuli kotsekera komamatira. Iwo anachotsa kotsekerako n'kumangirira bajiyo m'chiuno ndi chingwe cha nsapato. Foni ankaisiya m'chikwama kukhonde. Potsegula firiji ankaima patali, n'kutambasula mkono ngati akuopa kuti muli njoka. Timabotolo tawo ankatiika m'kabokosi kamatabwa kamene kale munkakhala tchizi, n'kukakankhira pakati penipeni pa shelefu. Ine tanga ndinkatindandalika pachitseko cha firiji, pomwe dzanja limafika msanga.

Tsiku lina anandiona ndikutaya timabotolo tisanu ndi kamodzi, nkhope itagwa.

"Josie, mwanawe, tachotsa timabotolo pachitsekopo," anatero. "Kasitadi sakonda chitseko."

Sindinanyoze nthawi yomweyo, pajatu ndine wophunzira. Ndinatenga choyezera kuzizira, ndinayeza pachitseko, ndinayeza pakati, masiku atatu. Kusiyana kwake kunali kosanunkha kanthu.

"A Rae, ndayeza," ndinawauza, ndipo ndinaonetsetsa kuti ena akumva. "Firiji ndi firiji. Kuno si kufakitale ya ayisikilimu."

"Chabwino, mwanawe. Iwe ndi amene unapita kusukulu."

Sanabwerezenso. Ndipo ine sindinafunse kuti chitsekocho chalakwa chiyani, chifukwa kufunsa kukanatanthauza kuti mwina akudziwa kanthu kena kamene ine sindidziwa.

M'chaka chachinayi a Fergus anatisonkhanitsa. Zithunzi za makoswe zinali zabwino zedi, ndipo inali nthawi yolemba pepala loti lisindikizidwe m'magazini ya asayansi. Koma panali vuto. Sungalembe kuti mankhwalawa amatheka pokhapokha awapange mayi wina wa ku Frankston. Anthu a ku Japan kapena ku Germany akawerenga ayenera kupanga okha n'kuwayendera.

"Ndikufuna chifukwa chake," anatero a Fergus. "Amene andiuze chifukwa chimene kasitadi wa Rae saunjikana, dzina lake likhala pamwamba. Mwambo mukuudziwa. Pamwamba ndi pa amene wabweretsa nzeru. Manja timawathokoza kumapeto."

Pa tiyi wa m'mawa umenewo a Raelene anali phee, zomwe sizinali zawo. Tevita Fonua, amene amayendetsa chimakina chojambulira, mwamuna wa ku Tonga wodzaza khomo, anawagunda ndi chigongono.

"Anti, lero mwatani? Timu yanu yagonjanso?"

"Iwe, timu yanga isiye." Anazunguza supuni m'kapu. "Ndimangoganiza. Dzina langa linasindikizidwapo kamodzi kokha chibadwire, pa chidziwitso cha maliro a Lindsay. Ndikupuma ntchito mu Juni. Zikanakhala bwino litaonekanso pena, pa nkhani yoti si ya maliro."

"Ndiye auzeni a Fergus chinsinsi chanucho!"

"Chinsinsi chanji? Ine ndimangopanga. Mawu akuluakuluwo ndilibe."

Ndinamva zonsezo. Ndikanakonda kunena kuti zinandikhudza, koma chimene ndinaganiza n'chakuti manja ali nawo kale, ndiye akufunanso ndi dzina lomwe?

Ndinayamba kuwazonda. Ndinawerenga kuti amatakasa kangati. Ndinayeza nthawi imene amasiya kabotolo m'madzi ofunda. Akapita kukadya ndinkatenga kandodo kawo kagalasi kotakasira n'kukagwiritsa ntchito mobisa. Ndinafika mpaka pong'ung'udza kanyimbo kamene ankang'ung'udza potakasa, poganiza kuti mwina ndi kamene kamawapatsa liwiro loyenera. Munthu wa madigiri awiri, kuba nyimbo ya mnzake! Pakapita masiku anayi, kamzere kaja kankatulukira pomwepo, kali bii.

Zinadziwika mu Febuluwale, tsiku lotentha moti phula la pamsewu linkamata nsapato. Tevita anatiitana tonse kuti tikaone chithunzi chatsopano, chiwindi cha khoswe chokhala ndi kachotupa kochepa ngati njere ya mpunga. Tinatsika kukhonde la pansi, tinasiya makiyi ndi mawotchi m'mbale monga mwa nthawi zonse. Pakati pa khondelo pali mzere wachikasu pansi. Tonse tinaudumpha, koma a Raelene anaima.

"Anti, inu mpaka pomwepo," anatero Tevita. "Ndikujambulirani pafoni, ndikubweretserani."

Zaka zonsezi sindinazindikire kuti mayiwa sanafikepo kuchimakinacho. Nsanje imayang'anitsitsa, koma imangoyang'ana malo amodzi.

"Mukuopa chiyani, a Rae?" ndinafunsa moseka. "Sichiluma."

"Iwe sichingakulume." Anagogoda pachifuwa chakumanzere ndi zala ziwiri. "Muno muli kabatire, mwanawe. Mtima wangawu umayenda ndi kachipangizo, chaka chino n'chakhumi ndi chisanu ndi chiwiri. Ndi kachikale. Dokotala anati maginito azikhala kutali ndi chifuwa, mtunda wa chikhatho. Ine ndinawonjezera, ndinapanga mkono wathunthu."

"N'chifukwa chake baji mumavala m'chiuno?"

"Nanga! Kumbuyo kwa baji kuli maginito. M'foni muli maginito. Totsekera makabati aja ndi maginito. Labala wa pachitseko cha firiji, mkati mwake monse ndi maginito, ukuganiza kuti chimatsekeka ndi mapemphero? Inu ophunziranu mumangoopa chachikuluchi, koma tating'onoti tili ponseponse. Ine ndimatidziwa tonse, ngati mmene munthu amadziwira nyumba za agalu olusa mumsewu mwake."

Tevita anaseka mpaka kugwira khoma. A Fergus anali atalowa kale m'chipinda, sanamve. Ine mutu unangoti thi.

Chithunzicho sindikuchikumbukira. Ndinanamizira kuti kutentha kwandipweteka mutu, n'kukwera masitepe mothamanga. Ndinatenga kaphini ka mapepala, ndinakayandikitsa pa labala wa chitseko cha firiji, ndipo kanamatirira. Ndinayang'ana timabotolo tanga tomwe tinali pachitsekopo. Kamzere kakuda kalikonse kanali kumbali ya labalayo, tonse khumi ndi tiwiri.

Aliyense wa ntchito yathu amadziwa kuti tizitsulo timeneti sutakasa ndi makina amaginito, zimenezo amakuphunzitsa sabata yoyamba. Amadziwa kuti suyandikitsa kabotolo kuchimakina nthawi isanakwane. Koma kasitadi ndi wolemera, tizitsulo timayendamo pang'onopang'ono, ndipo maginito ofooka ukawapatsa masiku anayi amatikokera mbali imodzi. Ife tinkanyamula timabotolo m'thumba la pachifuwa, kumbuyo kwa baji. Tinkatisiya pafupi ndi foni. Tinkatigoneka pachitseko. A Raelene, poteteza mtima wawo, ankateteza ndi chilichonse chimene anyamula.

Ndinakhala pansi, kaphini kali m'manja. Panalibe za manja odala, panalibe za nyimbo. Ndipo mayiwa anali atandiuza kalekale, ine n'kukayeza kuzizira. Mukuganiza kuti ndinachita manyazi? Manyazi anabwera mochedwa. Choyamba ndinakondwa kuti manja awo ndi manja wamba ngati anga.

Masabata atatu ndinagwira ntchito mwakachetechete. Ndinapanga timabotolo makumi anayi, tina pachitseko, tina pakati pa shelefu, tina pafupi ndi baji, tina m'kabokosi kamatabwa komwe ndinagula ndekha. Ndinabwereka choyezera mphamvu ya maginito, ndinayeza ngodya iliyonse ya labotale, ndinajambula mapu. Ntchitoyo inali yabwino, sindinama, ndipo inali yanga. A Raelene anaona kabokosi kanga katsopano, anangomwetulira.

Lachisanu la msonkhano a Raelene anabweretsa malamingitoni, makeke a kuno owaza kokonati, ndipo ankawadula pamene ine ndinkaonetsa zithunzi pakhoma. Nditamaliza a Fergus anavula magalasi.

"Firiji," anatero. "Zaka zinayi, firiji! Josie, maganizo amenewa anakubwerera bwanji?"

Funso lake linali lophweka, ndipo yankho lake linali mawu atatu okha: anandiuza a Rae. Mpeni wa keke unaima. Tevita anandiyang'ana.

"Ndinangoona kuti mizere yonse yaloza mbali imodzi," ndinatero. "Kenako ndinayamba kuganiza."

Sindinaname, mwamva? Mizereyo inalozadi mbali imodzi. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kambirimbiri. Amene anayamba kuwomba m'manja anali a Raelene, kokonati ali m'zala.

Tevita anandipeza pamasitepe masana ake.

"Josie, ine ndinalipo pamzere wachikasu paja."

"Ndiye?"

"Ndiye palibe. Ndimangokukumbutsa kuti ndili ndi makutu." Anatsika masitepe awiri n'kutembenuka. "Kwathu munthu wamkulu akakupatsa chinthu, umamutchula. Sizichotsa kanthu pa iwe."

"Iwo anangonena za mtima wawo. Kuyeza ndayeza ndine."

"Eya, wayeza. Umayeza bwino kwambiri iwe."

Kuchokera tsiku limenelo ankandipatsa moni wa ntchito basi. Sanakanene kwa a Fergus, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti a Raelene ndi amene anamuletsa.

Anapuma ntchito mu Juni. Tinawagulira maluwa ndi bulangete la galu. Pepala linatuluka mu Okutobala, dzina langa lili loyamba, la a Fergus lomaliza, la Tevita pakati. Kumapeto kwenikweni, m'zilembo zing'onozing'ono zomwe palibe amawerenga, munali chiganizo chothokoza R. Tuckwell chifukwa chothandiza kukonza mankhwala. Kasitadi wanga tsopano ankatha mwezi wopanda kamzere. Ndinkayembekeza kuti nsanje ithera pomwepo, koma ndikalowa mu labotale n'kuona mpando wawo uli wopanda munthu, nsanjeyo inali ikadalipo.

Anandiimbira foni kupempha kuti ndiwatumizire pepalalo, ndipo ndinatumiza papositi. Anandiimbiranso kuti ndipite kukamwa tiyi. Ndinazengereza miyezi itatu, mpaka zifukwa zinanditheratu. Loweruka lina m'mawa ndinakwera sitima ya ku Frankston.

Nyumba yawo ndi yaing'ono, ya njerwa zachikasu, ndipo galu anandilandira ngati m'bale. M'khitchini ndinapezamo mayi wina woyandikana nawo nyumba, akubweza mbale.

"Bev, uyu ndi Josie wathu uja," anatero a Raelene. "Wa papepala paja. Taona, ndi uyu!"

Analoza firiji. Firiji ya aliyense kuno imadzaza ndi timaginito ta zithunzi za adzukulu ndi manambala a okonza mapaipi. Yawo inali mbee, yopanda kalikonse, kupatula tsamba loyamba la pepala lathu, lomatidwa ndi selotepi m'ngodya zonse zinayi. Dzina langa anali atalizunguliza ndi cholembera chofiira. Tsamba lomaliza, pomwe panali dzina lawo, silinalipo.

Mayi uja atapita, ndinakhala pampando ndikuyang'ana selotepiyo. Keke inali patebulo, tiyi akufuka.

"A Rae," ndinatero, "za firiji zija munandiuza ndinu."

"Ndikudziwa, mwanawe. Ndinalipo."

"Kawiri konse. Poyamba paja, ndi kukhonde kuja."

"Eya."

"Nanga bwanji simunalankhule pamsonkhano paja? Mukanangonena, a Fergus akanakuikani pamwamba. Tevita akanakuchitirani umboni."

Anathira mkaka m'kapu yanga, kuchuluka kwake komwe ndimakonda, osafunsa.

"Ndimadikira kuti unene iweyo," anatero. "Ndinaimitsa mpeni, ndinati mwanayu anena. Utapanda kunena, ndinaona kuti ndikalankhula ndikuvula pagulu, ndipo iwe uli ndi zaka makumi atatu kutsogoloku pantchito imeneyi. Ine zanga zinali zitatha."

"Ndiye kuti dzinalo simunkalifuna kwenikweni?"

Ndinafunsa choncho chifukwa ndinkafuna kuti avomere, kuti ndipite kwathu wopepukidwa. Anandiyang'ana m'maso.

"Usadzinamize, Josie. Ndinkalifuna. Ndinalira m'sitima tsiku limenelo, kuyambira mumzinda mpaka kuno, anthu akundipatsa mpango. Ndinkalifuna kwambiri." Anakankhira mbale kwa ine. "Koma ntchito unagwira yabwino, mapu ako aja ine sindikanatha. N'chifukwa chake ndinamata apo. Zonse ziwiri n'zoona. Tsopano keke iyi udya, kapena ndipatse galu?"

Ndinati ndikalankhula ndi a Fergus, mwina magaziniyo ingakonze. Anagwedeza mutu.

"Ukalankhule, n'zabwino kwa iweyo. Koma ine ndinkafuna kumva uli chiimire kutsogolo kuja, anthu onse alipo. Tsiku limenelo linapita."

Lolemba lake ndinalankhuladi ndi a Fergus. Anati alembera akonzi a magaziniyo, ndipo mpaka pano tikudikira yankho. Tevita anayambiranso kundiseka za mpira, koma pang'ono.

Chimene sindinauzepo munthu ndi chimene ndinamva m'khitchini muja. Ndinapita ndikuganiza kuti ndinawalanda zonse, manja awo ndinawafotokoza, dzina ndinatenga, palibe chotsala choti ndiwachitire nsanje. Ndiye ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana mayi amene analira ulendo wonse wa sitima chifukwa cha ine, kenako n'kukagula selotepi kuti amate dzina langa m'nyumba mwake. Mtima woyendera batire, wachikale, woti sungadumphe mzere wachikasu, ndipo ndinaufuna kuti ukhale wanga. Umenewo sindingauyeze, sindingaubwereke nthawi ya nkhomaliro.

Kekeyo ndinadya, magawo awiri, iwo akundiyang'anira kuti ndimalize. Pochoka anandikulungira yotsala m'pepala kuti ndikadye kunyumba.